Kalata yotseguka kwa abusa ndi akuluampingo athu: mlaga mwausandutsa msika wa simenti

Abusa, akuluampingo, atumiki ndi inu a komiti ya chitukuko,

Ndikulonjereni nonse m'dzina la Ambuye wathu. Ndalemba poyera chonchi chifukwa kawiri konse ndinakweza dzanja pamsonkhano wa mpingo wonse, ndipo kawiri konse atcheya anati nthawi yatha, nkhani yanga ikamvedwa ku seshoni. Kaya inakafikako, mukudziwa ndinu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye mundipirire. Komanso musandione ngati munthu woponya miyala ali kunja kwa mpanda. Kwa zaka zinayi ine ndinali msungichuma wa komiti yomanga tchalitchi chathu chatsopano. Ndandanda wa mayina a anthu osapereka umene amlembi ankawerenga Lamulungu lililonse nthawi ya zolengeza, wolemba wake ndinali ine. Mlandu umene ndikunena pano ndili nawo gawo.

Ndiyambire ku mlaga wathu, poti n'kumene maso anga anatsegukira.

Timakumana Lachitatu madzulo, nyumba ndi nyumba mosinthana. Tsiku limene ndikulikumbukali tinali kwa mayi wina wamasiye amene amagulitsa tomato ndi bonya pamsewu. Nyumba yake ndi ya zipinda ziwiri. Anayala mphasa, nabwereka benchi kwa aneba kuti abambo tikhalepo, ana anadzaza pakhomo. Tili pakati pa nyimbo yachiwiri mvula inayamba, ndipo mayi uja anadzuka mwakachetechete, natenga beseni ndi poto n'kuziika pamalo awiri amene iye ankawadziwa kale. Tonse tinasendera kukhoma limodzi. Madontho akugogoda m'beseni muja, ine ndinatulutsa buku la chitukuko n'kulengeza kuti mlaga wathu watsalira ndi matumba 11 a simenti, ndipo milaga ina yatipitirira. Pa matumba amenewo, awiri anali pa dzina la mwini nyumbayo. Titamaliza anandiperekeza mpaka panja, nandinong'oneza kuti, "Bambo, chonde musandiwerenge Lamulungu. Ndatenga ku banki m'khonde, ndibweretsa Loweruka."

Anabweretsadi. Ndinalandira, ndinalemba risiti, ndinathokoza. Denga lake likudonthabe mpaka lero.

Abusa, inu munabwera pampingo pano ntchitoyi itayamba kale, ndiye mwina simukudziwa mmene mlaga unkakhalira kale. Munthu akajomba kawiri, sabata yachitatu tinkapita kukamuona. Kumeneko n'kumene tinkadziwira kuti uje wagonekedwa kuchipatala, mwana wa uje amubweza kusukulu chifukwa cha fizi, banja la uje lagwedezeka. Kambale kankayenda, ndalama zake zochepa zomwezo n'zimene zinkagula shuga ndi sopo wopita naye kwa odwala. Mawu a Mulungu ankawerengedwa ndi aliyense wodziwa kuwerenga, ndipo gogo wosadziwa kulemba dzina lake ankatha kufunsa funso limene ife a masuti linkatisowetsa chonena. Tinkasonkhana anthu 17, nthawi zina 20. Lero tikakwana 7 timati kwabwera anthu. Ndikakumana nawo panjira osowawo, sanena kuti ataya chikhulupiriro. Amati, "Tibwera tikapeza kangachepe." Tamvani mawu amenewo bwinobwino. Mkhristu wafika poganiza kuti kupemphera ndi anzake pakhonde la mnansi wake kumafuna kuyamba wapeza ndalama.

Ndipo tchalitchi chimene tikumangacho chili pati? Maziko tinakumba mu 2019, a nyumba yokhalamo anthu 1,500. Zipupa zinakwera mpaka pamawindo, kenako pa linta, n'kuima. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, ndipo bajeti imene tinalengeza monyadira pachiyambi paja inasanduka nthano yosimbira ana. Zitsulo, malata, simenti, miyala ya kwale, chilichonse chinathawa. Tachita Paper Sunday kangati? Tayenda big walk, tachititsa ukwati wongoyerekeza, tagulitsa nsalu, tagawa maenvulopu kwa ana a Sande sukulu. Chaka cha chisankho kunabwera alendo olemekezeka, analonjeza malata pamaso pa mpingo wonse, amayi analuluta, makwaya anavina. Malatawo tikuwadikirabe. M'kati mwa zipupa muja mwamera chisoso ndi bonongwe, mbuzi zimausamo masana, ndipo mlonda woyang'anira mchenga ndi mabuloko timamulipira mwezi ndi mwezi.

Tinene zoona pamaso pa Mulungu: tinayambiranji? Tchalitchi chakale chimatikwana tikapemphera kawiri, m'mawa ndi chakumasana. Tinayamba chifukwa anzathu a kutsidya anamanga chawo cha nsanja ndi matailosi, ndipo pamisonkhano ya kulikulu tinkachita manyazi. Ine ndinalipo tsiku limene mawu akuti "ifenso tioneke" ananenedwa, ndipo ndinawomba nawo m'manja.

Nditakhala ndi mabuku zaka zinayi ndinaphunziranso china chimene sitiuza anthu: nyumba ikatha kumangidwa siyisiya kudya. Idzafuna magetsi, madzi, penti, alonda awiri, mpanda, mipando, zokuzira mawu zoti zifike kumbuyo kwa chinyumba chachikulu chotero, ndi jenereta yoti izilira magetsi akazima. Pamwamba pa izo pali ndalama zopita kulikulu, nyumba ya abusa, galimoto ya mpingo. Walira mvula walira matope. Amene adzasenze zonsezi ndi omwewa ogulitsa tomato, a kabaza, aphunzitsi a pulayimale ndi agogo olera zidzukulu. Tikuwauza kuti "tipirire pang'ono, tikafolera tipuma," pamene ife a m'komiti tikudziwa kuti kupumako kulibe.

Paper Sunday iliyonse mawu amachokera kwa Hagai: anthu akukhala m'nyumba zawo zabwino pamene nyumba ya Yehova ili bwinja. Sindikutsutsana ndi mneneri. Koma Hagai ankadzudzula anthu okhala m'nyumba zotchingidwa bwino ndi matabwa. Sankalankhula ndi mayi amene amatchera beseni pabalaza. Ndipo popeza inu ndinu odziwa malemba kuposa ine, ndikupempheni tsiku lina mudzatilalikire kuchokera pa 1 Akorinto 16. M'mutu umodzi womwewo muli zinthu ziwiri. Kumayambiriro Paulo akuuza Akhristu kuti tsiku loyamba la sabata aliyense aziika padera kanthu monga mwa mapezedwe ake, ndipo ndalamazo zinali zopita kwa abale a ku Yerusalemu. Chakumapeto akupereka moni wochokera kwa Akwila ndi Priska pamodzi ndi mpingo wosonkhana m'nyumba mwawo. Mpingo unali m'nyumba, chopereka chinali cha anthu. Ku Laodikaya kunali mpingo wa m'nyumba ya Numfa, ku Kolose wa m'nyumba ya Filemoni. Petro atatuluka m'ndende usiku anathamangira kunyumba ya Mariya, amake a Yohane Marko, chifukwa ankadziwa kuti abale akupemphera kumeneko. Paulo atachoka m'sunagoge ku Efeso anagwiritsa ntchito sukulu ya Tirano zaka ziwiri, monga momwe mipingo ina kwathu kuno imachitira lendi kalasi ya sukulu Lamulungu, ife n'kumaiseka.

Chopereka chachikulu choyamba chimene timachiwerenga pakati pa mipingo, cha ku Antiokeya chija pa Machitidwe 11, chinali cha njala. Atumiki asanu ndi awiri oyamba anasankhidwa chifukwa amayi amasiye ena ankadumphidwa pogawa chakudya. Atumiki athu lero ntchito yawo yaikulu ndi kuwerenga maenvulopu.

Palinso nkhani ya mayi wamasiye wa timakobidi tiwiri, imene timaikonda kwambiri tikafuna kufinya osauka. Tawerengani zimene zaizungulira pa Marko 12 ndi 13. Nkhaniyo isanayambe, Yesu akudzudzula alembi amene amadya nyumba za akazi amasiye n'kumapemphera mapemphero ataliatali. Akangotha kunena za mayiyo, wophunzira wina akumuonetsa kukongola kwa miyala ya Kachisi, ndipo Yesu akuyankha kuti sipadzatsala mwala pamwamba pa unzake. Kachisiyo anagwetsedwadi ndi Aroma m'chaka cha 70. Ine ndikawerenga zitatuzi motsatizana sindimvamo Yesu akuuza akuluakulu kuti pitani mukatolere kwa amasiye. Ndimamva ngati akuyang'ana ife ogwira mbale.

Ngakhale mbiri ya mpingo ikuchitira umboni. Imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zopemphereramo Akhristu zimene ofukula zakale anazipeza ili ku Dura-Europos, m'dziko la Syria. Inali nyumba wamba yokhalamo anthu, imene cha m'ma 240 anagumula khoma la pakati pa zipinda ziwiri kuti pakhale malo okwana anthu 60 kapena 70, chipinda china n'kuchisandutsa chobatiziramo. Matchalitchi akuluakulu anachuluka pambuyo pa 313, mfumu Constantine atapereka ufulu wa chipembedzo n'kuyamba kuthiramo chuma cha boma. Kwa zaka zoposa 200 uthenga unafalikira kuchokera ku Yerusalemu mpaka ku Roma ndi kumpoto kwa Africa, wopanda nsanja, wopanda belu.

Musandimve molakwa, ine nyumba zokongola za Mulungu ndimazikonda. Ndikadutsa pa St Michael and All Angels mu Blantyre ndimachepetsa liwiro. David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire zomangamanga, anaimanga pamodzi ndi amisiri akuda kuyambira 1888 mpaka 1891, ndi njerwa zoumbidwa pomwepo, ndipo ikadali chiimire. Ya St Peter pa Likoma, imene anaiyamba mu 1903, ndi chodabwitsa china. Koma mishoni zimenezo zinali ndi abwenzi ku Scotland ndi ku England owathira mafuta, ndipo Akhristu ambiri a nthawi imeneyo sankapempherera mmenemo. Ankapempherera m'timasukulu ta udzu m'midzi, motsogozedwa ndi mphunzitsi amene Lolemba ankaphunzitsa a e i o u, Lamulungu n'kulalikira m'kanyumba komweko. Mpingo wa m'Malawi unakulira mmenemo.

Ndipo nthawi zonse pamene zipupa zinachotsedwa, mpingo sunafe. Boma la atsamunda linaphulitsa tchalitchi cha njerwa cha John Chilembwe ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mu 1915. Mishoniyo inakhala yotseka mpaka Dr Daniel Malekebu anadzaitsegulanso mu 1926, ndipo anapeza anthu oyambira nawo. A Mboni za Yehova analetsedwa m'dziko muno kuyambira 1967 mpaka 1993, popanda nyumba ndi imodzi yomwe yosonkhaniramo poyera, koma sanathe. Ifenso tinalawako pang'ono mu 2020, boma litaletsa misonkhano ya anthu oposa 100 chifukwa cha Covid-19. Miyezi imeneyo amene anagwira mpingo wathu ndani? Simaikolofoni ayi. Anali amayi a m'milaga, oyenda ndi ndowa ndi sopo, opemphera anthu asanu asanu pansi pa mango.

Abale athu a Chikatolika anaiona nkhaniyi kalekale. Bishopu Patrick Kalilombe anasonkhanitsa dayosizi ya Lilongwe pakati pa 1973 ndi 1975 kuti ikhazikike pa miphakati, ndipo mu 1976 maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, anagwirizana kuti timagulu ta Akhristu oyandikana nyumba tikhale patsogolo pa ntchito yonse ya ubusa m'chigawo chino cha Africa. Ena amati mphakati, ena limana, ife timati mlaga. Cholinga chake chinali choti mpingo ukhale kumene anthu amagona ndi kudzuka. Ife tatenga chinthu chamtengo wapatali chotero n'kuchisandutsa ofesi yotolera msonkho, chifukwa tinaona kuti munthu savuta kumugwira pamaso pa aneba ake.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukuyankha mumtima, ndipo ndikuvomereza mbali ina. Mapemphero a m'nyumba opanda owayang'anira abala zilombo zambiri. Tonse tikuwadziwa aneneri odzidzoza okha amene amayamba ndi anthu khumi pabalaza, kenako n'kumagulitsa madzi ndi mafuta, kuletsa odwala kumwa mankhwala, kupasula mabanja a eni. Alibe seshoni, alibe mabuku, palibe wowafunsa. Anthu 400 sangakwane pakhonde, ukwati ndi ubatizo zimafuna malo, ndipo eni nyumba za lendi ena salola nyimbo. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, anthu zikwizikwi a m'chigawo cha kummwera anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Tsiku limenelo denga lolimba la tchalitchi linali uthenga wabwino ndithu. Choncho sindikunena kuti tigwetse kanthu kapena tibalalike. Komatu dziwani kuti ambiri amene akuthawira kwa aneneri aja akuchoka m'manja mwathu. Atopa ndi envulopu, akupita kumene akuganiza kuti akawadziwa dzina, kumeneko n'kukakumana ndi "kufesa mbewu" koposa kwathu kuno. Timawadzudzula paguwa kuti ndi osakhazikika, osafunsa kuti anawathamangitsa ndani.

Chimene chinandichotsa m'komiti ndi maliro. Anamwalira bambo wina wachikulire wa mlaga wathu, munthu amene anaumba nawo njerwa za tchalitchi chakalechi ndi manja ake ali mnyamata. Zaka zake zomaliza anali wodwaladwala, ndipo khadi lake linali ndi mipata. Thupi lili m'nyumba, akuluakulu anakhala pansi pa mtengo ndi khadi lija m'manja kukambirana ngati mpingo uyimbe kapena ayi. Anandiitana ine kuti nditsimikize za ngongole yake ya chitukuko. Pamene ife tinkawerengetsa miyezi, amayi a mlaga anali atafika kale usiku wathawo, atagona pasiwa, atasonkha ufa ndi nkhuni, akuyimba osapempha chilolezo kwa munthu. Pomaliza mwana wa malemuyo anatulutsa foni n'kutumiza ndalama, mwambo unachitika, ndipo mlaliki ananena kuti chipulumutso ndi chaulere. Ndinabwerera kunyumba osadya, sabata yotsatira ndinapereka mabuku.

Tsono pempho langa loyamba, limene silifuna ngakhale tambala, ndi lakuti kuwerenga mayina a osapereka kuthe, ndipo maliro a Mkhristu asadzayezedwenso ndi khadi la chitukuko. Ngati lamulo limenelo linalembedwa penapake, tionetseni tsamba lake. Ngati silinalembedwe, abusa, imani paguwa munene poyera kuti kulibe, chifukwa anthu akupereka mwamantha, kuopa kudzaikidwa ngati nkhuku.

Buku la chitukuko lichoke ku mlaga. Amene akufuna kupereka simenti adziwa kumene kuli ofesi. Kambale ka Lachitatu kabwerere kwa eni ake, ndipo ndikupempha kuti ngakhale pa chopereka cha masika, gawo lina lizitsala m'milaga, lolembedwa bwino ndi kuwerengedwa pamaso pa onse miyezi itatu iliyonse, kuti lithandize odwala, amasiye ndi ana osowa fizi. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko: anthu a mlaga amadziwa nyumba imene sinafuke utsi dzulo, pamene komiti imadziwa mtengo wa zitsulo basi. Mudzati ndalama zidzasowa. Zoona, zina zidzasowa. Nanga za chitukuko zija, zonse zinafika pa linta? Ine amene ndinasunga mabuku ndikupempha kuti abwere munthu wakunja wodziwa kuwerengera ndalama, ayambire zaka zanga zomwe, ndipo zotsatira zake zikhomedwe pachitseko cha tchalitchi.

Za chinyumbacho, imani kaye. Itanani injiniya aone ngati zipupa zimene zavumbwa mvula zaka zonsezi zingathe kusenza denga, tisadzafolere manda a ana athu. Ngati zili bwino, tifunse ngati sitingafolere mbali imodzi yokha n'kuigwiritsa ntchito mkati mwa sabata, ikhale sukulu ya mkaka kapena malo ophunzirira ntchito zamanja, m'malo modikira tsiku limene tidzapeze ndalama za nsanja. Tikachulukadi, tionjezere mapemphero achitatu, kapena a kutali aja tiwalole akhale ndi kanyumba kawo ka mapemphero kolingana ndi thumba lawo. Palibe manyazi kubwerera kwa anthu n'kunena kuti tinalumpha poposa msinkhu wathu. Andale akabweranso ndi malonjezo, tiwalandire ngati wina aliyense wobwera kudzapemphera, akhale pabenchi.

Ndipo inu abusa, tikufuna tikuoneni ku mlaga musanabwere ndi chikalata cha zopereka. Kwathu kuli agogo atatu amene sanalandire Mgonero zaka ziwiri chifukwa miyendo siyiwafikitsanso kutchalitchi. Mkate ndi chikho zimakwana m'kachikwama. Bwerani mudzakhale pa benchi yobwereka ija, ana akupanikizeni, mumve mafunso amene anthu sangawafunse pa maikolofoni. Akuluampingo aphunzitsidwe kutsogolera mawu ndi kuyendera mabanja, chifukwa kumeneko n'kumene mantha anu a ziphunzitso zonyenga angathere.

Lachitatu likudzali tikumananso kwa mayi uja. Ife otsala asanu ndi awiri tapangana kuti aliyense abwere ndi chimene angathe, ndipo m'bale wina amene ndi kalipentala wati akwera padenga ulere tikapeza malata anayi ndi misomali. Buku la chitukuko sitibwera nalo. Ngati zimenezi ndi kusamvera, mundiitane ku seshoni, ndibwera ndi marisiti onse. Pakati pawo pali ya matumba awiri a simenti ija, ndipo ndidzapempha kuti ndalama yake ibwezedwe kwa mwini wake mvula isanayambe.

Ine wanu mwa Ambuye,
Mkhristu wa mlaga wa kuseri kwa msika, msungichuma wakale wa komiti ya chitukuko